Tirigu wopirira matenda ndi kutentha: nanga bwanji sanafike ku Tsangano?

Funso lachokera kwa mlimi wa ku Tsangano m'boma la Ntcheu: "Ndimalima mbatatesi kwambiri, koma ndimasiyako kachigawo ka tirigu monga ankachitira bambo anga. Mbewu yake ndi yomwe timasunga chaka ndi chaka. Zaka zapitazi masamba akumachita dzimbiri ndipo ngala zikumatuluka zopepuka. Ndamva pa wailesi kuti akatswiri akunja akupanga tirigu wopirira matenda ndi kutentha, wosafuna feteleza wambiri komanso wopatsa thanzi. Kodi ndi zoona? Kodi si GMO? Nanga bwanji mbewuzo sitikuziona kuno?"

Bambo, zimene mwamvazo ndi zoona, koma wailesi yamanga mtolo umodzi zinthu zinayi zosiyana. Palibe mbewu imodzi imene yasenza zonsezo. Kupirira matenda ndi ntchito ina, kupirira kutentha ndi ina, kusunga feteleza m'nthaka ndi inanso, kuonjezera michere m'njere ndi ntchito yachinayi. Ina mwa ntchitozi yafika kale m'minda ya alimi, ina idakali m'minda yoyesera, ndipo nthawi zina ukakoka imodzi inayo imabwerera m'mbuyo.

Ndiyambe ndi mmene mbewu yatsopano imabadwira, chifukwa mukamvetsa zimenezi mumvetsanso kuchedwa kwake. Tirigu amadzibereketsa yekha. Mungu umagwera pa duwa lomwelo lisanatseguke n'komwe, n'chifukwa chake mbewu ya bambo anu yakhala yofanana zaka zonsezi, pamene chimanga cha haibulidi mukachibwereza chimasintha chaka chachiwiri chomwe. Ndiye kuti tikwatitse mitundu iwiri, ife opanga mbewu zatsopano timalowerera ndi manja. Timasankha ngala yomwe yangotuluka kumene, n'kudula timaluwa ta pamwamba ndi ta pansi ndi kalumo kakang'ono. M'kaduwa kalikonse muli timatumba titatu ta mungu, tobiriwira, tochepa kuposa njere ya chitowe. Timatizula ndi kopanira kosongoka tisanasanduke tachikasu, ndipo tikaphonya kamodzi kokha ntchito yonse yalowa m'madzi, chifukwa ngalayo idzibereketsa yokha. Kenako timaiveka kathumba ka pepala. Pakapita masiku awiri kapena anayi timabweretsa ngala ya mtundu wachiwiri, n'kuigwedezera m'kathumbamo kuti mungu ugwere. Pa ntchito yonseyo timapeza njere mwina 10 kapena 20, zambiri zokwinyika.

Njere zimenezo ndi chiyambi chabe. Zidzukulu zake zimatuluka zosiyanasiyana: zina zazitali, zina zazifupi, zina zodwala, zina zathanzi koma zosabereka. Pamafunika mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi kuti mtundu ukhazikike, kenako zaka zina zoyesa zokolola m'madera osiyanasiyana. Pa mizere (mitundu yoyesera yopanda dzina) masauzande ambiri imene timayamba nayo, umodzi kapena iwiri ndi imene imadzapatsidwa dzina. Mwa njira yakale ulendowu umatenga zaka 10 kapena kuposerapo. Masiku ano wafupikako. Mu 2018 akatswiri a ku University of Queensland ku Australia ndi a ku John Innes Centre ku England anaonetsa kuti ukaunikira tirigu maola 22 patsiku m'nyumba yoyesera, ukhoza kukolola mibadwo isanu ndi umodzi pachaka. Timathanso kudula kachidutswa ka tsamba, n'kupima DNA yake, yomwe imasunga chibadwa cha chomera, kuti tione ngati kambewuko katengera chibadwa chimene tikufuna, osadikira kuti kakule. Koma kuyesa m'munda weniweni, pa mvula yeniyeni, palibe amene wakufupikitsa.

Tsopano dzimbiri lanulo. Lilipo la mitundu itatu, ndipo ndi bwino mudziwe lomwe lakuvutani. Lina limapanga mizere yachikasu motsatira mitsempha ya tsamba, ndipo limakonda malo ozizira a chifunga ngati kwanuko. Lina limamwazika pa tsamba ngati timadontho tofiirira. Lachitatu, loopsa koposa, limang'amba khungu la phesi n'kutulutsa fumbi lofiira modera. Mukayenda m'munda wogwidwa kwambiri mumatuluka buluku litasanduka lofiira mpaka m'mawondo, ndipo mukapekesa ngala m'manja mumangopeza mankhusu ndi tinjere tonyala. Fumbi limenelo ndi mbewu za matendawo, ndipo mphepo imaziuluza kuwoloka mayiko.

Nkhondo yolimbana ndi dzimbiri ndi imene inayambitsa kafukufuku wamkulu wa tirigu amene tili naye lero. Katswiri wa mbewu wa ku America, Norman Borlaug, anafika ku Mexico mu 1944 alimi akulira ndi dzimbiri la phesi. Pofuna kufulumira, ankadzala kawiri pachaka: nyengo ina ku Ciudad Obregón kumpoto, kotentha ndi kotsika, nyengo ina ku mapiri a Toluca. Mbewu zimene zinkapulumuka malo awiri onsewo zinkatha kumera m'mayiko ambiri. Pambuyo pake anazikwatitsa ndi tirigu wamfupi wochokera ku mtundu wa ku Japan wotchedwa Norin 10, kuti mbewu ikapatsidwa feteleza isamagone pansi chifukwa cha kulemera kwa ngala. Mu 1966 dziko la India linagula matani 18,000 a mbewu imeneyi, ndipo mu 1970 Borlaug analandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT, lomwe likulu lake lili ku Mexico, ndi limene likupitiriza ntchitoyo mpaka lero.

Kwa zaka pafupifupi 30 anthu ankaganiza kuti dzimbiri la phesi latha. Mitundu yambiri inkadalira kachibadwa kamodzi, kamene akatswiri amati jini, kotchedwa Sr31, kochokera ku mbewu ina yofanana ndi tirigu yotchedwa rye. Mu 1998 ku Uganda kunapezeka dzimbiri limene linathyola chitetezo chimenechi, ndipo chaka chotsatira linapatsidwa dzina loti Ug99. Litayesedwa, zinaoneka kuti mitundu yochuluka ya tirigu wa padziko lonse inalibe chitetezo. Kuyambira pamenepo, ku Njoro m'dziko la Kenya kwakhala ngati bwalo la mayeso: mayiko amatumizako mizere masauzande ambiri chaka chilichonse kuti ikakumane ndi matendawo maso ndi maso.

Phunziro lowawa kwambiri linachitika ku Ethiopia. Mu 2010 dzimbiri lachikasu linasakaza mtundu wotchuka wotchedwa Kubsa, ndipo alimi ambiri anathawira ku mtundu wina wotchedwa Digalu, umene unkapirira dzimbiri lachikasulo komanso Ug99. Kumapeto kwa 2013 kunabwera mtundu wina wa dzimbiri la phesi, ndipo m'minda ina ya Digalu alimi sanakolole kanthu. Chitetezo cha Digalu ku dzimbiri la phesi chinali pa jini imodzi basi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ine pa nkhani ya tirigu mwambi umenewu ndimautenga monga lamulo la ntchito. Jini imodzi yamphamvu imaoneka bwino pa tsiku lachionetsero, masamba ali opanda banga, koma matenda akangopeza njira yoizembera, munda wonse umagwa tsiku limodzi. Chimene chimakhalitsa ndi kuunjika majini anayi kapena asanu ang'onoang'ono, monga Sr2 ndi Lr34, amene saletsa dzimbiri kotheratu koma amalichedwetsa mpaka njere zitakhwima. Mbewu yotere mukaiona m'munda imakhala ndi timadontho apo ndi apo, moti mlimi wosadziwa akhoza kuikana, pomwe ndiyo yodalirika.

Palinso matenda ena amene ndikufuna muwadziwe chifukwa ali pafupi nafe. Dzina lake ndi wheat blast. Anaonekera koyamba ku Paraná m'dziko la Brazil mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri anali a ku South America kokha. Mu 2016 anatulukira ku Bangladesh n'kugwira mahekitala pafupifupi 15,000, mpaka minda ina anachita kuitentha. Mu nyengo ya mvula ya 2017 mpaka 2018 anapezeka ku Mpika, m'chigawo cha Muchinga ku Zambia, chomwe chimachita malire ndi Malawi, ndipo aka kanali koyamba mu Africa. Chizindikiro chake n'chakuti ngala imayera kuyambira pakati kupita kunsonga pamene pansi pake padakali pobiriwira, ndipo mukayang'anitsitsa pomwe kuyerako kwayambira mumaona kadontho kakuda pa msana wa ngalayo. Amakonda nyengo yofunda ndi yachinyezi pamene tirigu akutulutsa ngala, ndipo amayenda ndi njere. Ku Bangladesh anatulutsa mtundu wotchedwa BARI Gom 33 mu 2017, umene umapirira matendawa chifukwa cha kachidutswa ka chibadwa kotchedwa 2NS, kochokera ku udzu wakutchire wotchedwa Aegilops ventricosa. Koma apanso dziko lonse likutsamira pa mzati umodzi, ndipo akatswiri ali kalikiliki kufuna ina.

Mwaona kuti kawiri konse chitetezo chachokera kunja kwa tirigu, ku rye ndi ku udzu wakutchire. Chifukwa chake chili m'mbiri ya mbewuyi. Tirigu wa buledi anabadwa zaka pafupifupi 8,000 mpaka 10,000 zapitazo, pamene tirigu wakale wolimidwa anakwatirana mwangozi ndi udzu wotchedwa Aegilops tauschii. Ukwati umenewu unachitika kangapo kokha, choncho tirigu yense wa buledi anachokera ku makolo ochepa kwambiri, ndipo chuma chambiri cha chibadwa chinatsalira kutchire. Kuyambira zaka za m'ma 1980, a CIMMYT akhala akubwereza ukwati wakalewo mwadala, pogwiritsa ntchito udzu wotoledwa m'madera osiyanasiyana, kuti atengeko mizu yozama ndi chitetezo chatsopano.

Mbewu zamakolo nazonso zabwerera pa bwalo. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, katswiri wa ku Cambridge dzina lake A. E. Watkins anasonkhanitsa tirigu wa alimi wamba kuchokera m'misika ya mayiko 32. Mitundu 827 ya m'nkhokwe yakeyo ikusungidwa ku John Innes Centre. Mu 2024 itapimidwa DNA yonse, zinapezeka kuti mbewuzo zili m'mafuko asanu ndi awiri, koma tirigu wamakono anachokera ku mafuko awiri okha. Ndiye kuti gawo lalikulu la zimene alimi akale anasankha ndi maso awo kwa zaka masauzande silinagwiritsidwepo ntchito. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri ndikaganiza za mbewu ya bambo anu. Yapirira chisanu ndi nthaka ya ku Tsangano kwa mibadwo, ndipo ikatayika palibe amene angaibweze.

Za feteleza, kafukufuku amene ndimamuyembekezera kwambiri ndi wa mizu. Mukathira yureya, tizilombo ta m'nthaka timasandutsa nayitrojeni, chakudya cha mbewu chimene chili mu yureyamo, kukhala mtundu wosachedwa kukokoloka ndi madzi, wina n'kuuluka ngati mpweya wotenthetsa dziko. Nthawi zambiri mbewu imadya wosakwana theka la amene mwathira. Pali zomera zina, kuphatikizapo mapira athu omwewa, zimene mizu yake imatulutsa madzi ofooketsa tizilombo timeneti, kotero kuti chakudyacho chimakhalitsa pafupi ndi mizu. Akatswiri a bungwe la JIRCAS ku Japan pamodzi ndi a CIMMYT anapeza khalidwe limeneli mu udzu wotchedwa Leymus racemosus, ndipo mu 2021 analengeza kuti alisamutsira mu tirigu wobereka kwambiri. Mbewuzi zikuyesedwa ku India. Musamve ngati ndi tirigu wosafuna feteleza. Ndi tirigu wosataya feteleza, ndipo kwa munthu amene amagula thumba ndi ndalama za mbatatesi, kusiyana kumeneko n'kwakukulu.

Kutentha ndiye mutu wovuta koposa. Kafukufuku wa magulu ambiri amagwirizana kuti kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, zokolola za tirigu padziko zimatsika ndi pafupifupi 6 peresenti. Kukatentha pamene njere zikudzaza, mbewu imathamangira kukhwima ndipo njere zimatsala zazing'ono. Izi zinachitika ku India mu March 2022, ndipo pofika May boma linaletsa kugulitsa tirigu kunja. Palibe jini imodzi ya kupirira kutentha. Ndi makhalidwe ambiri ophatikizana, monga mizu yofika pa chinyezi chakuya, masamba ochedwa kuuma, ndi kucha msanga kuti mbewu ithawe dzuwa. Koma mbewu yocha msanga imakolola mocheperako chaka chimene nyengo ili bwino, ndiye ukapeza uku wataya uku. Ku Sudan ndi m'zigwa za Ethiopia, mitundu yochokera ku CIMMYT ndi ku ICARDA, bungwe lofufuza za ulimi wa m'madera ouma, ikulimidwa kale ndi mthirira m'malo amene kale ankati tirigu sangachite. Kwa inu a kumapiri, vuto la kutentha si loyamba.

Nkhani ya thanzi yafika patali kuposa mmene ambiri amadziwira. Kudzera mu ntchito yoonjezera michere m'mbewu yotchedwa HarvestPlus, dziko la Pakistan linatulutsa Zincol-2016 kenako Akbar-2019, mitundu yokhala ndi zinki wochuluka, ndipo BARI Gom 33 uja nayenso ali m'gulu lomweli. Zinki amathandiza ana kukula ndi thupi kulimbana ndi matenda, ndipo kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti kuno ku Malawi anthu pafupifupi 6 mwa 10 aliwonse ali ndi zinki wochepa m'thupi. Koma pali mfundo imene aliyense wodziwa kusiyana kwa mgaiwa ndi ufa woyera aimvetsa msanga. Zinki wambiri amakhala kukhungu la njere ndi pa mtima pake. Ku Pakistan ndi ku India anthu amadya chapati cha ufa wogaya njere yathunthu, ndiye phindu limafika m'mimba. Ife buledi, masikono ndi mandasi athu ndi a ufa woyera, ndipo zambiri zimapita ndi madeya. Komanso mbewu singatulutse zinki amene m'nthaka mulibe. Ndinene mosabisa kuti pa thanzi la banja la kumudzi kuno, nyemba za NUA45, zomwe zili ndi zinki wochuluka, ndi nsima ya mgaiwa zichita zambiri kuposa tirigu wa zinki. Koma ngati mumagayitsa tirigu wanu wathunthu n'kuphika phala kapena zigumu, pamenepo mtundu wotere ungakupindulireni.

Funso la GMO, kutanthauza mbewu imene akatswiri anaisintha chibadwa poikamo jini mwachindunji osati pokwatitsa, ndi losavuta kuyankha. Zonse ndatchulazi, kuyambira pa dzimbiri mpaka pa zinki ndi mizu yosunga feteleza, zapangidwa pokwatitsa mbewu ndi kusankha. Kupima DNA ya tsamba si kusintha chibadwa, ndi kungoyang'ana. Tirigu wa GMO alipo ndithu: ku Argentina mu 2020 anavomereza mtundu wotchedwa HB4, umene anauika jini ya mpendadzuwa kuti uzipirira chilala. Ku malo a kafukufuku a Rothamsted ku England anayesanso tirigu amene anamukonza jini yake yomwe kuti buledi akawauka asamatulutse kwambiri mankhwala ena oipa otchedwa acrylamide. Koma pafupifupi tirigu yense amene akulimidwa padziko lero si wa GMO.

Nanga bwanji mbewuzi simukuziona? Apa vuto si la sayansi kwenikweni. CIMMYT imatumiza mizere yake kwaulere ku nthambi za kafukufuku za mayiko, koma dziko lililonse liyenera kuiyesa lokha kwa nyengo zingapo, kuivomereza, kenako wina n'kuichulukitsa. Kuno kwathu ndalama ndi anthu ochepa a kafukufuku amathera ku chimanga, ndipo tirigu amalandira zotsala. Makampani a mbewu nawo sakopeka, chifukwa mbewu yodzibereketsa yokha mlimi amagula kamodzi n'kumasunga yekha, kusiyana ndi haibulidi amene amagula chaka ndi chaka. Kumbali ya msika, ogaya ufa amafuna matani ambiri a mtundu umodzi wofufuma bwino, ndipo kwa iwo n'kosavuta kuitanitsa wakunja kudzera ku Nacala kapena ku Beira kusiyana ndi kutolera matumba awiriawiri m'midzi. Ndiye mlimi sakulitsa munda chifukwa palibe wogula wodalirika, wogula sabwera chifukwa tirigu ndi wochepa, ndipo wambewu amangoonerera. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, mtengo wa buledi unatikumbutsa kuopsa kodalira wakunja. Anzathu a ku Zambia, m'mafamu akuluakulu a ku Mkushi ndi Chisamba, amalima tirigu wamthirira nyengo yozizira ndipo amakolola bwino kwambiri, umboni wakuti dera lathu lino mbewuyi imachita ikapeza madzi, mbewu yabwino ndi msika.

Pamene tikudikira, pali zimene mungachite m'munda mwanu. Dzimbiri likayamba, thyolani masamba ndi mapesi angapo, muwaike m'pepala osati m'jumbo chifukwa amaola, mupite nawo kwa alangizi kuti adziwe mtundu wake ndi kudziwitsa a kafukufuku ku Chitedze. Akatswiri sangasankhire dera lanu mbewu ngati sakudziwa matenda amene ali kumeneko. Zulani tirigu womera yekha m'mbali mwa munda ndi m'madimba nyengo yodzala isanafike, chifukwa dzimbiri silikhala pa zinyalala zouma, limadikira pa tsamba lamoyo. Dzalani nthawi imodzi ndi anzanu ndipo musachedwe, popeza munda womaliza umalandira fumbi la minda yonse. Ndikudziwa kuti malonda ndi abale a tsidya la Mozambique ndi a tsiku ndi tsiku, ndipo kumenekonso amalima tirigu, koma njere zogula pamsika zosadziwika kochokera musadzale. Umu ndi mmene matenda oyenda ndi njere amalowera.

Ngala zopepuka si dzimbiri lokha limene limazibweretsa. Nthaka yotopa ndi chinyezi chotha msanga zimachitanso chimodzimodzi. Ngati tirigu mumamudzala motsatira mbatatesi zimene munathira feteleza, amapezako zotsalira, ndipo kasinthasintha ndi nyemba kapena nsawawa amathandizanso. Mbewu yanu muziisankha m'munda musanakolole: yendani ndi dengu, dulani ngala zodzaza za pa mapesi osadwala kwambiri, muzipunthe padera.

Tsiku limene alangizi kapena a kafukufuku adzabwere ndi mtundu watsopano, muwafunse mafunso awiri: unayesedwa kuti m'dziko muno, ndipo chitetezo chake ku dzimbiri chili pa jini imodzi kapena angapo. Mudzale mizere yochepa pambali pa mbewu yanu yakale, tsiku limodzi, feteleza wofanana, kwa nyengo ziwiri, ndipo muyeze zokolola ndi chidebe chimodzi chomwecho. Mukakhutira, kulitsani munda. Koma ya bambo anu ija muzidzalabe kachigawo chaka chilichonse kuti isafe, ndipo kathumba kena mupereke kwa alangizi kuti kakafike ku nkhokwe ya mbewu ya dziko lino ku Chitedze, mutalemba dzina limene mumaitchula kwanuko, mudzi, ndi chaka chimene mwakolola.